Kodi Nati ya Tayala Imangidwe Mpaka Pati? Sayansi ya Torque Wrench ndi Kasankhidwe Kake

Tayala lililonse la galimoto yaing'ono limagwiridwa ndi manati anayi kapena asanu basi. Tizitsulo toti mungatinyamule m'chikhatho chimodzi ndi timene timaletsa tayala kupatukana ndi galimoto pamene Sienta yodzaza anthu ndi katundu ikutsika mapiri a Chiweta, kapena pamene pikapu ikukwera makona a Golodi kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia. Ndiye funso ndi ili: manati amenewa amangidwe mpaka pati?

Anthu ambiri amayankha kuti, "Mpaka alire." Ena amati mpaka sipanala ikane. Mwina munaonapo m'mbali mwa msewu munthu atalowetsa sipanala m'paipi, n'kukwerapo ndi miyendo yonse iwiri, uku akudumphadumpha. Cholinga chake n'chabwino ndithu, akufuna tayala lisachoke. Koma nati ili ndi mlingo wake ngati mankhwala a kuchipatala: kuchepetsa ndi vuto, kupyola ndi vutonso. Chida choyezera mlingo umenewu amachitcha torque wrench. Ngati kwanu kuli galimoto kapena njinga yamoto imene bambo, amalume kapena achimwene amakonza okha, Fizikisi ya m'kalasi ikhoza kuwathandiza kusankha chida choyenera.

Torque ndi ija munaphunzira kale

Mawu akuti torque asakuopseni. Ndi ija aphunzitsi a Fizikisi amati moment of a force, kutanthauza mphamvu yozunguliza chinthu. Mumakumana nayo tsiku lililonse. Yesani kukankha chitseko pafupi ndi mahinji, muona kuti chikulemera. Kankhani kumapeto kumene kuli loko, chikutseguka ndi chala chimodzi. Chogwirira cha mjigo n'chachitali pa chifukwa chomwechi. Archimedes wa ku Syracuse anafotokoza lamuloli zaka zoposa 2,200 zapitazo, ndipo silinasinthe.

Masamu ake ndi awa: torque = mphamvu × mtunda. Mphamvu timayeza mu ma newton, mtunda mu mamita, kuchokera pakati pa nati kufika pamene dzanja lagwira. Yankho limatuluka mu ma newton metre, amene amalembedwa N·m. Masamuwa amayenda chonchi ngati mphamvuyo ikupanga madigiri 90 ndi sipanala.

Tiyeni titenge chitsanzo. Mabuku a Toyota Corolla ndi magalimoto ena ambiri ang'onoang'ono a kampaniyi amati nati ya tayala imangidwe ndi 103 N·m. Sipanala ya tayala imene imabwera ndi galimoto imakhala yotalika pafupifupi masentimita 30, kapena kuti mamita 0.3. Gawani 103 ndi 0.3, mupeza ma newton 343. Ngati kilogalamu imodzi imalemera ma newton 10 monga timawerengera m'kalasi, ndiye kuti mphamvu yofunika ndi yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu 34 okha. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 mutalikoloweka kumapeto kwa sipanalayo lingapereke 150 N·m, kupyola kale mlingo.

Nanga munthu wa makilogalamu 70 akaimapo? 700 × 0.3 = 210 N·m, kuwirikiza kawiri. Akaonjezera paipi ya mita imodzi, zikufika pa 700 N·m, pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa zimene anakonza opanga galimoto. Apa sitinawerengere kudumpha kuja.

Bawuti ndi sipuling'i

Kuti timvetse kuipa kwa kumanga mopyola, tiyenera kudziwa chimene chimachitika m'kati mwa chitsulo. Chinsinsi chake n'chakuti bawuti imatamuka. Inde, chitsulo cholimba chija chimatamuka ngati mphira.

Ganizirani za mphira umene a kabaza amamangira katundu pakaliyala ya njinga. Mukangouzunguliza osaukoka, katundu amagwa pa bampu yoyamba. Mukaukoka, umafuna kubwerera mmene unalili, ndipo kufuna kubwererako ndi kumene kumapana katundu. Mukaukoka mopyola, umatha mphamvu kapena kuduka.

Bawuti imachita chimodzimodzi. Mukamazunguza nati, mazinga ake amakwera mazinga a bawuti ngati msewu wozungulira phiri. Nati ikakhudza limu, ilibenso kolowera, ndiye imayamba kukoka bawuti. Bawutiyo imatalika pang'ono zedi, mwina ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi, moti diso silingaone. Koma poti chitsulo n'cholimba kwambiri, kutamuka kochepako kumabala mphamvu yofanana ndi kulemera kwa matani angapo pa bawuti iliyonse. Mphamvu imeneyi ndi imene imapanikiza limu pa habu, chitsulo chija tayala limakhalapo, mpaka ziwirizo kukhala ngati chinthu chimodzi.

Mu 1678, Robert Hooke wa ku England anasindikiza lamulo lija mumaliyesa m'labu ndi sipuling'i ndi timiyala toyezera: kutamuka kumakula molingana ndi mphamvu yokoka, bola musapyole malire otchedwa elastic limit. M'kati mwa malirewo, chitsulo chimabwerera mwakale mukachimasula. Mukapyola, chimatamukiratu, chimawonda pamalo amodzi, ndipo sichipananso ngati kale. Choopsa n'chakuti bawuti yotere imaoneka yabwinobwino. Ikhoza kuyenda miyezi, kenako tsiku lina n'kungothyoka pakona.

Nambala ija ya 103 N·m anaisankha kuti bawuti itamuke mokwanira kupana limu, koma ikhale patali ndi malire ake.

Misewu ya Rumphi imayesa manati

Pa msewu wosalala, nati yomangidwa molakwika ikhoza kukhala nthawi yaitali osaonetsa vuto. Misewu ya boma la Rumphi siibisa zotere.

Tengani msewu wodzera ku Bolero kupita ku Nyika kapena ku Hewe, umene mbali zake zambiri ndi wafumbi ndi miyala. Galimoto imanjenjemera ulendo wonse. Ngati manati sanamangidwe mokwanira, limu imayamba kusuntha pang'onopang'ono pa habu. Kusunthako kumadya utoto ndi chitsulo, mabowo a limu amakula, nati imakhwepa, ndipo bawuti imayamba kupindidwira uku ndi uku. Mukudziwa mmene timadulira waya popanda pulayala: kupinda, kuwongola, kupinda, kuwongola, mpaka waduka. Akatswiri amatcha zimenezi kutopa kwa chitsulo. Bawuti imodzi ikaduka, katundu wake amagwera zotsalazo, ndipo nazo sizichedwa.

Ku Chiweta ndi ku Golodi vuto ndi kutentha ndi makona. Potsika phiri, mabuleki amasandutsa mphamvu ya liwiro kukhala kutentha, ndipo kutenthako kumalowa mu habu, mabawuti ndi limu. Zitsulo zikatentha zimafufuma, zikazizira zimabwerera. Aluminiyamu, imene amapangira malimu ena, imafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha bawuti. Bawuti imene inakokedwa kale mpaka pa malire ilibe malo oti itamukirenso. Ndipo pakona iliyonse, kulemera kwa galimoto kumakankhira tayala lakunja cham'mbali.

Palinso vuto lina losaopsa koma lowawa. Tayala likaphulika usiku pafupi ndi chipata cha Thazima, manati amene anamangidwa ndi paipi sangamasuke ndi kasipanala ka masentimita 30 kaja. Ndipo bawuti ikathyoka pomasula, ina mwina muipeze ku Rumphi boma kapena ku Mzuzu, ulendo wa makilomita oposa 60 kuchokera pa bomapo.

Chifukwa chake dzanja limanama

Wina anena kuti, "Aaa, makaniko wodziwa ntchito amangomva m'dzanja." Zoona, luso limathandiza. Koma dzanja limamva kulimba kwa kuzunguza, silimva kutamuka kwa bawuti, ndipo ziwirizi n'zosiyana chifukwa cha kukhulana kwa zitsulo, kumene m'kalasi timati friction.

Akatswiri a zomangamanga amawerengera kuti pa mphamvu yonse imene mumazunguzira nati youma, pafupifupi magawo 90 pa 100 aliwonse amathera pa kukhulana, kwina pansi pa nati, kwina m'mazinga. Magawo 10 okha ndi amene amatamula bawuti. Choncho kusintha pang'ono kwa kukhulanako kumasintha kwambiri zotsatira.

Mukapaka girizi kapena oyilo pa mazinga, kukhulana kumachepa, ndipo 103 N·m yomweyo imakoka bawuti mopyola. Mazinga akakhala ndi dzimbiri kapena matope ouma a m'dzinja, kukhulana kumachuluka, nati imaoneka ngati yalimba pamene bawuti sinatamuke n'komwe. Nambala za m'buku la galimoto nthawi zambiri zimakhala za mazinga oyera ndi ouma, pokhapokha bukulo litanena kuti mupake mafuta. Apa dziwani kuti torque wrench nayo imayeza kuzunguza kokha. Imanena zoona pokhapokha mazinga ali aukhondo. Burashi ya waya ndi mnzake weniweni wa chidachi.

Mitundu itatu imene mungakumane nayo

Mbiri ya chidachi imatchula Conrad Bahr, amene ankagwira ntchito ku dipatimenti ya madzi ya mzinda wa New York cha m'ma 1918, kumene mabawuti a mapaipi ankaonongeka chifukwa chomangidwa mopyola. Kuchokera nthawi imeneyo papangidwa mitundu yambiri, koma ya ntchito ya pakhomo ndi itatu.

Woyamba ndi wa muvi, umene m'masitolo amalemba kuti beam type. Uli ndi ndodo ziwiri. Yaikulu imapindika pang'ono mukakoka, yaing'ono imakhala yowongoka n'kumaloza nambala pa sikelo imene ili pafupi ndi chogwirira. Ndi lamulo la Hooke lenileni loonekera ndi maso. Ubwino wake ndi woti ndi wotchipa, ulibe tizipangizo tam'kati toti tionongeke, ndipo mukaona muvi ukuloza pa ziro musanayambe, mumadziwa kuti uli bwino. Kuipa kwake, muyenera kuyang'ana sikelo molunjika uku mukukoka. Mukayang'anira cham'mbali muwerenga molakwa, vuto lija la parallax limene mumachenjezedwa powerenga lula. Pa tayala, kumene mumagwira ntchito mutawerama, zimavutirapo.

Wachiwiri ndi wolira, click type. Uwu ndi umene amakaniko ambiri amakonda. M'chogwirira muli sipuling'i. Mukazunguza chogwiriracho kuti musankhe nambala, mumakhala mukupanikiza sipuling'iyo, imene imagwira kachitsulo kena m'malo mwake. Mphamvu ikafika pa nambala imene mwasankha, kachitsuloko kamapulumuka, mumamva kuti "kha!" ndipo dzanja limamva kugwedezeka pang'ono. Simufunika kuona sikelo, mukhoza kumanga ngakhale mumdima. Koma samalani: chidachi chimangokuuzani kuti mwafika, sichikuletsani kupitiriza. Mukakokabe chitalira, nati ipyola mlingo. Komanso sipuling'i yake imasintha ndi zaka.

Wachitatu ndi wa batire, umene umaonetsa manambala pa kagalasi ndi kulira ngati foni. M'kati muli kachipangizo kotchedwa strain gauge, kawaya kopyapyala komatidwa pa chitsulo. Chitsulo chikapindika, kawayako kamatamuka, resistance yake imasintha, ndipo kakompyuta kamasandutsa kusinthako kukhala nambala. Ndi wolondola kwambiri, koma ndi wodula, sugwirizana ndi fumbi ndi madzi, ndipo batire likatha muli ku Chelinda ntchito yaima.

Kwa munthu wongosintha matayala ndi oyilo pakhomo, wolira ndi wokwanira. Ngati ndalama zavuta, wa muvi si wonyozeka ayi.

Posankha, yambani ndi manambala

Cholakwika chachikulu ndi kupita kusitolo n'kunena kuti, "Ndipatseni yaikulu, igwira zonse." Musanagule, tengani pepala, mulembe ntchito zimene chidacho chizigwira ndi nambala ya iliyonse kuchokera m'buku la galimoto yanu. Mongoyerekeza, pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri manambala amakhala motere:

- manati a tayala: pakati pa 90 ndi 120 N·m
- bawuti yotulutsira oyilo pansi pa injini: pakati pa 30 ndi 40 N·m
- mapulagi: pakati pa 15 ndi 30 N·m
- timabawuti ta makava a injini: pafupifupi 10 N·m

Awa ndi ongokupatsani chithunzi. Nambala yeniyeni ili m'buku la galimoto imeneyo, ndipo pikapu, minibasi ndi lole zili ndi manambala awoawo.

Tsopano lamulo lofunika: torque wrench imakhala yodalirika kuyambira pa magawo 20 pa 100 aliwonse a nambala yake yaikulu kupita m'mwamba. Ya 200 N·m imayamba kunena zoona pa 40 N·m. Pa tayala ili bwino kwambiri, chifukwa 103 ili pakatikati. Koma pa pulagi ya 20 N·m ndi yosathandiza. Zili ngati kuyeza shuga wa tiyi pa sikelo ya mabelo a fodya. Ndipo pulagi si malo ochitira masewera: imalowa mu aluminiyamu, chitsulo chofewa, ndipo mukapyola mazinga amatha. Pulagi ndi yotchipa, koma kukonza mazinga a hedi ya injini kumadya ndalama zambiri.

Kukula kwa chidachi kumadziwika ndi kamutu kake ka makona anayi kamene kamalowa mu soketi, ndipo amakayeza mu mainchi. Ya 1/2 inchi nthawi zambiri imayambira cha pa 40 kufika 200 N·m, ndiyo ya matayala. Ya 3/8 inchi imagwira zapakati monga mapulagi ndi bawuti ya oyilo, ndipo imakwanira ntchito zambiri za pa njinga yamoto. Ya 1/4 inchi ndi ya timabawuti ting'onoting'ono. Ngati ndalama zikukwana imodzi yokha ndipo kwanu kuli galimoto, yambani ndi ya 1/2 inchi, chifukwa pa tayala ndi pamene pali moyo wa anthu. Onetsetsani kuti masoketi amene muli nawo ndi a kamutu komweko.

Chachiwiri, yang'anani muyezo wolembedwa pa chidacho. Magalimoto ambiri a kuno ndi akale ochokera ku Japan. Amatsikira pa doko la Dar es Salaam, kulowera pa Songwe, kudutsa Karonga n'kukwera Chiweta yomweyi. Mabuku ake amakhala a Chijapani, koma manambala ndi zilembo za N·m zimawerengeka. Ena akale amalemba kgf·m, pamene zida zochokera ku America zimalemba ft-lb. Sungani izi: 1 kgf·m ndi 9.8 N·m, ndipo 1 ft-lb ndi 1.36 N·m. Choncho 103 N·m ndi chimodzimodzi 10.5 kgf·m kapena 76 ft-lb. Zida zambiri zili ndi masikelo awiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Mukaika 103 pa sikelo ya ft-lb, mwamanga 140 N·m. Mukaika 76 pa sikelo ya N·m, nati yaperewera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Aphunzitsi akamadula malikisi chifukwa choiwala ma unit, si nkhanza eti?

Chachitatu ndi kulondola. Pali muyezo wa dziko lonse wotchedwa ISO 6789 umene opanga zida zabwino amatsatira. Torque wrench yolira yabwino imaphonya ndi magawo 4 pa 100 aliwonse kapena kuchepera, ndiye mukaika 103 mumapeza pakati pa 99 ndi 107 N·m. Yatsopano yabwino imabwera m'kabokosi kake ndi pepala loonetsa kuti inayesedwa, lokhala ndi nambala yofanana ndi imene yadindidwa pa chidacho. Manambala a pa sikelo akhale ozokotedwa m'chitsulo, chifukwa a utoto amafufutika ndi oyilo. Pakhalenso loko woletsa chogwirira kuzungulira chokha mukamakoka. Kunyezimira kusakunyengeni, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Nanga yogwiritsidwapo kale ntchito? Ikhoza kukhala yabwino, koma simudziwa kuti inagwa kangati. Musaikhulupirire musanaiyese, ndipo njira yake ili m'munsimu. Komanso si chida chogwira ntchito tsiku lililonse, choncho mabanja awiri atatu, kapena madalaivala a pa siteji imodzi, akhoza kusonkherana n'kugula imodzi yabwino m'malo mwa zitatu zachabechabe.

Kagwiritsidwe kake pa tayala

Imikani galimoto pamalo afulati, kokani handibuleki, ikani miyala kumatayala enawo. Jeki ndi yokwezera basi, munthu asalowe pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeki. Ngati ndinu wophunzira, chitani izi pali munthu wamkulu.

Pukutani mazinga ndi nkhope ya habu. Lowetsani manati onse ndi zala poyamba. Nati ikakana kulowa ndi zala, yapingasa mazinga, ibwezeni muyambirenso. Kenako amangeni pang'ono ndi sipanala wamba modumphadumpha: ngati ali asanu, tsatirani mmene mumajambulira nyenyezi, ngati ali anayi, mopingasa. Mukamanga motsatizana mozungulira, limu imakhala mopendekeka. Tsitsani galimoto kuti tayala ligunde pansi, ndipo apa ndi pamene torque wrench imalowa.

Gwirani pakati pa chogwirira, pamene nthawi zambiri pamakhala kamzere. Chidacho anachiyesa ndi dzanja lili pamenepo, choncho osachilumikiza ndi paipi. Kokani mwapang'onopang'ono osagwedeza. Chikalira kamodzi, siyani. Kuliza kachiwiri ndi kachitatu "kuti titsimikize" kumangoonjezera.

Pali chinyengo china chimene muyenera kuchidziwa. Nati ikamangidwa kale mopyola, mwachitsanzo ndi makina a mpweya aja a m'malo okonzera matayala m'tauni, torque wrench imalira nthawi yomweyo nati isanasunthe. Kulira kumeneko kukungonena kuti nati yafika pa 103 kapena kupyola, mwina ili pa 300. Nati iyenera kuyenda pang'ono isanalire. Ikapanda kuyenda, imasuleni muyambirenso.

Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, yesaninso manati onse, chifukwa fumbi ndi utoto wa pakati pa limu ndi habu zimaphwanyika n'kusiya mpata. Ulendo umodzi wa ku Mzuzu wakwana.

Mukamaliza, bwezani chogwirira pa nambala yotsikitsitsa ya pa sikelo kuti sipuling'i ipume. Osamasulira manati ndi chidachi, osachisandutsa hamala, osachiponya m'buti pamodzi ndi jeki. Ndi chida choyezera, m'bale wake wa sikelo, ndipo chimafuna ulemu womwewo. Mabawuti a hedi ya injini asiyireni amakaniko, chifukwa pa injini zambiri amafuna torque kenako madigiri owerengeka pamwamba pake, ndipo ena samangidwa kawiri.

Yesani nokha ndi chigubu cha madzi

Sikelo za m'misika ndi mapampu a petulo amayesedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, chifukwa choyezera chilichonse chimasokonekera pakapita nthawi. Torque wrench nayo imafuna kuyesedwa, ndipo ISO 6789 imati pakatha miyezi 12 kapena ikagwira ntchito ka 5,000. Kuyesa kwenikweni kumafuna makina, koma mukhoza kudziwa ngati yanu yasochera kwambiri ndi zinthu za pakhomo.

Mufunika vayisi ya pa tebulo la kalipentala kapena wowotcherera zitsulo, tepi yoyezera, chingwe cholimba ndi chigubu cha malita 20. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, koma chigubu nacho chili ndi kulemera kwake, ndiye chiyezeni pa sikelo n'kuchepetsa madzi mpaka zonse zikwane makilogalamu 20.

Panani kamutu ka makona anayi mu vayisi, chidacho chigone mopingasa osapendekeka. Yezani mtunda kuchokera pakati pa kamutuko kufika pa kamzere ka pa chogwirira. Tinene kuti mwapeza mamita 0.4. Apa gwiritsani 9.8 m'malo mwa 10 kuti masamu alondole: 20 × 9.8 × 0.4 = 78.4 N·m.

Ikani chidacho pa 70, kolowekani chigubu pa kamzereko mofatsa osachigwetsa. Chiyenera kulira. Chotsani, ikani pa 86, kolowekaninso. Sichiyenera kulira. Pitirizani kusendeza nambala mpaka mutapeza malire pamene chikusiyira kulira. Malirewo akakhala pakati pa 75 ndi 82, chida chanu chili bwino. Akakhala kutali, monga 60 kapena 95, musachikhulupirire pa tayala. Bwerezani katatu n'kutenga avereji monga mumachitira pa mayeso a m'labu, ndipo mapazi akhale kutali ndi pansi pa chigubu. Kuyesa kumeneku kukhoza kukhala pulojekiti yabwino ya kalabu ya sayansi kusukulu kwanu.

Amene mwakopeka ndi ntchito zoterezi, dziwani kuti boma la Rumphi lili ndi mbiri yaitali ya maphunziro a ntchito zamanja. Robert Laws anatsegula Overtoun Institution ku Khondowe mu 1894, kumene achinyamata ankaphunzira ukalipentala, zomangamanga ndi kusindikiza mabuku, ndipo lero kuli Livingstonia Technical College. M'makoleji otere, masamu a mphamvu × mtunda ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku.

Mafunso oti muyese

1. Mtsikana wa makilogalamu 45 waima kumapeto kwa sipanala ya mamita 0.25 imene yagona mopingasa. Kodi wapereka torque yochuluka bwanji, ndipo wafika pa 103 N·m kapena wapyola?
2. Buku la njinga yamoto likuti nati ina imangidwe ndi 5.5 kgf·m. Pa torque wrench ya N·m muika nambala yanji?
3. Sitolo ili ndi torque wrench ziwiri, ya 10 mpaka 60 N·m ndi ya 40 mpaka 200 N·m. Amalume akufuna kumanga mapulagi pa 22 N·m ndi matayala pa 103 N·m. Muwalangiza zotani, ndipo chifukwa chiyani?

Werengerani m'kope, kenako mufananize mayankho ndi anzanu a m'kalasi. Funso lachitatu lili ndi mayankho oposa limodzi, bola mufotokoze ndi manambala.